Palibe Anagogoda pa Chitseko cha Nirajan

Olemekezeka Mkulu wa yunivesite yathu, Pulofesa Kalervo Rautio. Olemekezeka Meya wa mzinda uno, Mayi Sinikka Huttunen. Olemekezeka alendo athu ochokera ku likulu, amene mwabwera pa ndege ya m'mawa ndipo ndamva kuti mubwerera pa ya madzulo. Olemekezeka Mkulu woyang'anira nyumba ndi katundu wa yunivesite, Bambo Jyrki Ahonpalo. Aphunzitsi anzanga, amene tinakalambira limodzi ndi amene munabwera ine nditachoka. Atsogoleri a bungwe la ophunzira, amene mwaima chilili ndi mbendera yanu uko. Ndi inu ophunzira ochokera m'mayiko akutali, amene akuti nyumba ino ndi yanu ngakhale akukhazikani kumbuyo kwenikweni. Amayi ndi abambo, ndikupatsani moni nonse.

Kwa amene simundidziwa, ndine Orvokki Lepistö. Moyo wanga wonse ndagwira ntchito imodzi: kulandira ana a eni ake ochokera kunja, kuwaphunzitsa Chifinishi, ndi kuwaperekeza kuti aoloke nyengo yawo yoyamba ya chisanu muno mu Finland ali ndi mitu yawo. Chaka chatha ndinapuma pa ntchito, kapena ndinene kuti ndinapumitsidwa, ndi maluwa, keke ndi khofi.

Ndiyambe ndi kupepesa kuti ndakuchedwetsani. Sindinachedwe kudzuka ayi. Ndinafika nthawi yabwino, nditavala diresi ili limene ndimasungira maukwati ndi maliro, koma chitseko cha nyumba yokongolayi chimatsegulidwa ndi khadi, ndipo khadi langa linafa tsiku limene ndinalandira maluwa aja. Ndinaima panja, chipale chofewa chikundithira pachipewa. Anthu ankadutsa, ndipo ena a inu ndikukuonani pano: aliyense kugunditsa khadi lake, kulowa, chitseko n'kudzitseka chokha pambuyo pake. Palibe anandichitira mwano. Aliyense anandiyang'ana pang'ono n'kuganiza kuti gogoyu ali ndi chifukwa chake choimira pamenepo, ndipo si bwino kumulowerera. Munandipatsa ulemu mpaka zala zinauma. Wandipulumutsa ndi mayi wina wa ku Ghana, dzina lake Dzifa, amene wakhala pafupi ndi khomo uyo. Iye sanakhalitse kuno, choncho ulemu wathu sanauphunzire. Anangondifunsa kuti, “Amayi, mukudikira ndani pamphepo pano?”

Musachite manyazi, ndipo sekani ngati mukufuna. Nanenso ndinaseka nditalowa.

Ndikuthokoza amene anaganiza zomanga Nyumba ya Ophunzira Ochokera Kunja, ndikuthokoza amene anaijambula, ndipo koposa ndikuthokoza amisiri amene anakhoma ndi kupenta mphepo ya kunyanja ikuwaluma m'makutu. Andiyendetsa monsemu ndisanakwere pano. Ndaona timabokosi tagalasi momwe munthu amalowa yekha n'kudzitsekera kuti asamve mnzake. Ndaona makompyuta amene akuti amayankha funso lililonse m'chinenero chilichonse. Ndaona mipando yofewa, uliwonse utayang'ana kukhoma. Ndinafunsa kuti khitchini ili kuti, anati kulibe. Ndinafunsa kuti tebulo lokhalapo anthu ambiri lili kuti, anati kafukufuku anaonetsa kuti ophunzira amakonda bata.

Koma chimene chandiimitsa mutu ndi chithunzi chachikulu chili kumbuyo kwa Olemekezeka Mkulu wa yunivesite. Tembenukani muchione. Mnyamata akusekayo, wavala chipewa chofiirayo, amene pansi pake mwalemba kuti kuno ndi kwawo, ndi Nirajan Basnet wa ku Nepal. Anabwera kudzachita digiri yachiwiri ya za madzi akumwa, ndipo kafukufuku wake watsala mutu umodzi wokha kuti athe. Sadzaulemba mutu umenewo. Zikwama zake wamanga kale, sukulu waisiya, ndipo lero lino akwera sitima ya madzulo yopita ku bwalo la ndege. Ndinamupempha kuti abwere ku mwambo uno ndipo ndamusungira mpando pafupi ndi chikwama changa. Ndinali ndisanadziwe kuti ngakhale atabwera, khadi lake nalonso linafa.

Andiuza kuti mlendo wolemekezeka amasimba kankhani kakafupi ka m'mbuyo mwake. Ine ndisimba ka mnyamata ameneyu, chifukwa m'mbuyo mwanga ndi mwake munakumana pa tebulo limodzi.

Tebulo limenelo linali m'chipinda chapansi pa nyumba yakale ya zinenero, pafupi ndi mapaipi otenthetsa. Lachinayi lililonse, monga m'dziko monse muno, tinkadya supu wa nsawawa ndi chitumbuwa cha mu uvuni chopaka jamu. Tikatha kudya tinkasuntha mbale n'kutsegula buku. Sinditchula dzina lake, chifukwa nonse amene munakulira kuno munalilemba pa mayeso, ndipo ambiri a inu munangowerenga chiyambi ndi mapeto. Ndi lija lonenepa lija, la masiku amene makolo athu ankatsika ndi migolo ya phula mu mtsinje uno kudzagulitsa kudoko, la mlendo wa kum'mwera amene chombo chake chinamusiya akudwala, nyanja n'kuundana, iye n'kugonera chisanu chonse m'kanyumba ka kuseri kwa tchalitchi, osadziwa liwu ndi limodzi lomwe la chinenero chathu.

Ine buku limeneli ndimalikonda, ndipo sindichita manyazi kunena. Ndinaliwerenga koyamba ndili mtsikana, nditabisala kuseri kwa chitofu, bambo anga atabwera kuchokera kocheka matabwa akununkha utomoni. Kuyambira pamenepo mpaka chaka chatha, chisanu sichinandidutsepo ndisanalitsegule. Ndimadziwa pamene wolembayo akufulumira ndi pamene akuimirira kuti apume; ndimadziwa pamene bwato la phula ligunda mwala, koma mtima umadumphabe ngati sindinamvepo; ndimadziwa tsamba limene mkazi wamasiye wa nyumba yoyandikana ayamba kusiya buledi wakuda ndi nkhuni pakhomo pa mlendo uja, m'mawa uliwonse, osagogoda, osadzionetsa, n'kufufuta mapazi ake m'chipale ndi tsache. Ndikafika pamenepo ndimavula magalasi.

Ophunzira anga ankaliwerenga mokweza, aliyense ndime yake. Mawu athu atali-atali aja ankawapinda malilime, ena ankathyola liwu limodzi katatu asanafike kumapeto kwake, ndipo tinkaseka mpaka misozi. Koma ndikuuzeni, Olemekezeka, pa tebulo limenelo ndi pamene ndinkadziwa amene sanadye, amene alibe nsapato za m'chisanu, ndi amene wasiya kugona chifukwa dzuwa lasiya kutuluka. Munthu akasowa Lachinayi limodzi, mbale yake inkatsala yopanda kanthu, ndipo aliyense ankaiona.

Nirajan anafika ali woonda, wolongolola, wosachedwa kutsutsa. Tsiku limene tinafika pa nkhani ya buledi ija anaika chala pa tsamba.

“Aphunzitsi, dikirani kaye.”

“Iwe, ndakuuza kangati kuti dzina langa ndi Orvokki? Kuno ngakhale mkulu wa yunivesite timangomuitana dzina lake.”

“Kwathu ndikatero amayi anga akhoza kundithamangitsa ndi tsache. Koma tandiuzani, mayi ameneyu wasiyanso chakudya pakhomo n'kuthawa. Kodi mlendoyu ndi galu?”

“Akumukonda, Nirajan.”

“Akumukonda? Nanga pakamwa anasiya kuti?”

“Kuno tikamukonda munthu timamusiya apume.”

“Ndiye kuti ine mumandikonda zedi,” anatero, “chifukwa m'basi palibe amakhala pafupi nane.”

Tebulo lonse linagwa nacho chiseko, nanenso ndinaseka. Ndinamuuza kuti aleze mtima, awerenge mpaka kumapeto, adzamvetsa. Iye anati adzawerenga, koma mayiyo akapanda kugogoda adzalemba buku lina lomudzudzula.

Sitinafike kumapeto. Mu Januwale chaka chatha, mdima uli pakatikati, Bambo Ahonpalo anatsika masitepe athu atanyamula tepi yoyezera. Musagwetse nkhope, Bambo Ahonpalo, sindinama, ndipo sindiwonjezera kanthu.

“Orvokki, musakhumudwe,” anatero, “chipinda chino chikufunika.”

“Chikufunika ndi ndani? Muli anthu kale.”

“Fungo la nsawawa likumafika mpaka ku maofesi. Komanso malamulo a moto salola chitofu pansi pano. Ndipo ana a masiku ano chilichonse amachipeza pa foni.”

“Foniyo imadziwa kuti munthu sanadye?”

“Tikuwakonzera nyumba yatsopano, yamakono. Mudzaiona, mudzasangalala. Tidzakuitanani kuti mudzatsegule ndinu.”

Lonjezo mwasunga, Bambo Ahonpalo, ndipo pa chimenecho ndikukuyamikirani pamaso pa anthu. Chipinda chija ndinapita kukachiona. Muli mipando yothyoka ndi makatoni.

Lachinayi lomaliza tinasiyira nkhani pakati, mlendo uja akadali m'kanyumba kake, nyanja ikadali youma. Mabuku a laibulale anabwezedwa. Nirajan anadandaula kuti tamusiya m'malere, choncho ndinamubwereka buku langa, limene linali la bambo anga, ili ndanyamulali. Nditapuma ndinapita ku ofesi kukapempha manambala a foni a ophunzira anga, poti onse anatsekeredwa mu kompyuta imene sindinkaloledwanso kuigwira. Mtsikana wa pamenepo anandiyankha mwaulemu kwambiri kuti malamulo oteteza zinsinsi za anthu salola, ndipo ophunzira akandifuna adzandipeza okha. Ndinapitanso kachiwiri, yankho linali lomwelo, ulemu unali womwewo.

Lamulungu lapitali belu la pakhomo panga linalira. Anali Nirajan, atanyamula buku m'pepala la pulasitiki kuti lisanyowe. Ndikanapanda kumva mawu ake sindikanamuzindikira. Mnyamata wa pachithunziyo ali ndi masaya. Amene anaima pakhomo panga analibe.

Ndinamukhazika pansi, ndinatereka khofi, ndipo anandiuza. Mu Novembala wapitayu, mwezi uja umene ngakhale ife eni dziko timayenda titaweramitsa mitu, bambo ake anamwalira kwawo. Mapepala atsopano a Nirajan okhalira m'dziko muno anali asanatuluke, ndipo akanapita sakanabwereranso. Choncho analira maliro a bambo ake m'chipinda cha nyumba ya ophunzira. Anachita zonse monga mwa mwambo wa kwawo: anameta mpala, anavala zoyera, anasiya mchere, anagona pansi. Chimodzi chokha sanathe kudzichitira yekha. Kwawo, anandiuza, munthu woferedwa sakhala yekha ngakhale pang'ono. Nyumba imadzaza, anthu amakhala nawe pamphasa, ena amalankhula, ena salankhula, ngakhale amene munayambana chaka chatha amabwera.

“Ndinasiya chitseko chosakhoma, Aphunzitsi,” anatero. “Ndimakhala ndi anyamata awiri a kuno, khitchini ndi imodzi. Anaona mutu wanga. Anamva ndikulira, makoma ake ndi opyapyala. Nyumba inangoti zii kuposa kale. Ndikalowa m'khitchini ndinkamva munthu akupuma kuseri kwa chitseko chake, akudikira kuti ndituluke. Tsiku lina ndinapeza kandulo ndi paketi ya khofi pansi pakhomo, ngati zimene mumasiya kumanda.”

“Nanga mphunzitsi wako wa kafukufuku?”

“Anandilembera mawu abwino. Anati nditenge nthawi yonse imene ndikufuna, palibe adzandisokoneza. Ndipo zoona, palibe anandisokoneza.”

“Iwe Nirajan, nyumba ino umaidziwa. Unadya pano pa Khrisimasi yako yoyamba. Bwanji sunabwere?”

“Simunandiitane, Aphunzitsi. Munatiphunzitsa nokha kuti kuno munthu safika pakhomo pa mnzake musanapangane. Phunziro limenelo ndinakhoza.”

 Ndinawaphunzitsadi zimenezo, chifukwa ndi mmene tilili, ndipo mlendo amene sazidziwa amapsa nazo.

Kenaka anakankhira buku kwa ine. Anati analimaliza. Amayi ndi abambo, imvani bwino: mwana wa ku Nepal, ali yekha, ali pa maliro, ndi dikishonale m'manja, anamaliza buku limene theka la chipinda chino linalephera m'chinenero chimene munayamwira. Pamenepo mtima wanga wa uphunzitsi unanyada, ndipo ndinamufunsa ngati tsopano wamvetsa.

“Ndamvetsa,” anatero. “Nyanja inasungunuka, chombo choyamba chinafika, mlendo anakwera. Mayi uja anaima kuseri kwa katani n'kumuyang'ana akupita. Mlendoyo anachoka osadziwa amene ankamusiyira buledi. Ndipo inu mumati amenewa ndi mapeto okoma.”

“Ndi okoma, Nirajan.”

“Kwa amene ali kuseri kwa katani, mwina. Ine ndinali winayo.”

Moyo wanga wonse ndakhala ndikulira mokoma pa tsamba lomaliza limenelo. Kuyambira Lamulungu sindinathe kulitsegula, ndipo ndili ndi mkwiyo umene sindinakhalepo nawo: ndakwiyira buku, ndakwiyira ofesi, ndakwiyira tepi yoyezera, ndipo ndakwiyira ulemu wathu umene timaunyadira pamaso pa mayiko ena.

Ndinamuchonderera kuti atsale amalize mutu umodzi wotsalawo. Ndinamuuza kuti adzagona kwanga, adzadya kwanga. Anaseka pang'ono. Anati ine ndine mphunzitsi, kukoma mtima ndi ntchito yanga. Anati munthu sangakhale m'dziko limene amene amagona nawo denga limodzi amamuona ngati matenda.

Lolemba ndinapita ku nyumba imene Nirajan amagona iye kulibe, ndipo ndinawapeza anyamata awiriwo. Ndi Otso ndi Kasperi, amene agwira mbendera ya bungwe la ophunzira uko. Pepani ana anga, ndakutchulani mayina pagulu, chinthu chimene kwa Mfinishi n'choopsa kuposa kugwera m'madzi oundana. Koma ndikufuna anthu adziwe kuti sindinapeze anyamata oipa. Ndikanawapeza oipa, bwenzi zinthu zili zosavuta.

“Munamumva akulira?” ndinawafunsa.

“Tinamva,” anatero Kasperi, akuyang'ana masokosi ake.

“Ndiye munatani?”

“Tinasiya kuyatsa nyimbo. Anzathu tinawauza kuti asamabwere. M'khitchini tinkamusiyira mpata kuti aziphika momasuka.”

“Munagogoda?”

Anayang'anana. Kenaka Otso, wamtaliyo, anati, “Agogo anga atamwalira, ine sindinkafuna munthu aliyense andilankhule. Bambo anangonditenga kukawedza, tsiku lonse osanena kanthu. Chinali chinthu chabwino kwambiri chimene munthu anandichitirapo. Ndiye tinaganiza kuti akafuna, atiuza.”

“Ndipo kanduloyo?”

“Tinakhala nthawi yaitali m'sitolo tikusankha,” anatero Kasperi. “Sitinkadziwa ngati kwawo amaloledwa yoyera kapena ya mtundu wina.”

Ndi Kasperi yemweyo amene anandiululira chinthu chimene Otso sakanachinena ngakhale mutamukoka lilime. Nirajan amayenda pa njinga chisanu chonse, kukapereka zakudya m'makomo mwa anthu akaweruka m'kalasi. Kuyambira Novembala, m'mawa uliwonse, Otso wakhala akutsika kukafukula njinga imeneyo m'chipale, kupukuta chishalo, kuthira mafuta pa tcheni, n'kubwerera m'chipinda mwini wake asanadzuke. Matayala a misomali amene Nirajan anawapeza pa njinga yake tsiku lina, amene amuteteza kuti asathyoke khosi pa madzi oundana, Otso anawachotsa pa njinga yakeyake. Nirajan ankaganiza kuti ndi ntchito ya woyang'anira nyumba.

Ndinawauza anyamatawa zonse. Ndinawauza kuti mnzawo akupita Lachinayi, ndipo akupita akukhulupirira kuti amanyansidwa naye. Kasperi anafiira mpaka m'makutu. Otso anatuluka kukaima pakhonde wopanda jekete. Anandilonjeza kuti achitapo kanthu.

Dzulo ndinamuimbira Nirajan, poti nambala yake tsopano ndili nayo, ndipo sindinapemphe chilolezo cha ofesi iliyonse. Ndinamufunsa ngati anyamata aja alankhula naye.

“Ndapeza masokosi aubweya pakhomo,” anatero. “Oluka pamanja. Abwino kwambiri.”

“Anagogoda?”

“Ayi.”

Pamenepo ndinalephera kupirira, ndinamuuza za njinga ija. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anati, “Akanandiuza yekha, Aphunzitsi. Ndatopa kumva kwa anthu ena kuti ndimakondedwa.”

Olemekezeka, ndi chifukwa chake ndavomera kuima pano lero, ngakhale poyamba ndinafuna kukana. Ife timaitana ana awa kuchokera kutali. Timawatumizira zithunzi za nkhalango zathu ndi nyanja zathu. Makolo awo amagulitsa minda kuti awatumize. Akafika timawapatsa khadi, bokosi lagalasi ndi bata, ndipo akachoka timakhala pa misonkhano n'kumafunsana kuti n'chifukwa chiyani sakhazikika. Sindinena kuti ndife anthu ouma mtima. Ndakhala pakati pa anthu anga nthawi yaitali ndipo ndikudziwa kuti Mfinishi akhoza kukunyamula pamsana kudutsa nkhalango yonse, bola usamufunse chifukwa chake. Koma chikondi chimene chimafufuta mapazi ake ndi tsache amachimva ndi amene anakulira nacho. Kwa mwana wa eni ake, amene mtembo wa bambo ake ukutenthedwa monga mwa mwambo wa kwawo kutsidya kwa dziko lapansi iye ali pano, chimenecho n'chitseko chotseka basi.

Tebulo lija silinali chinthu chachikulu. Linali la matabwa wamba, mwendo umodzi tinkauchirikiza ndi kapepala. Koma pa tebulo limenelo mutu wometa ukanaonedwa Lachinayi loyamba, wina akanafunsa, ndipo madzulo omwewo chipinda cha Nirajan chikanadzaza anthu a mayiko onse, atavula nsapato pakhomo. Sindikupempha kuti mulibweze. Ndakalamba, ndipo mayankho ndikuwadziwa kale: mudzati mupanga komiti, komitiyo idzafunsa kompyuta, kompyutayo idzati ophunzira amakonda bata. Ndikungofuna kuti pamene mukudya keke imene ili patsogolo apo, mudziwe kuti lero ndi Lachinayi.

Ndaona kuti Olemekezeka Mkulu wa yunivesite ayang'ana wotchi kachiwiri. Musadandaule, Pulofesa, nanenso ndikuiyang'ana, ndipo ndili ndi chifukwa chachikulu kuposa chanu.

Dzifa, mwana wanga, tabwera udzatenge buku ili. Pita nalo pakhomo paja unandipeza, utsegule chitseko, uliike pansi kuti chisatsekeke. Usaope, ndi lonenepa, likwanitsa. Linali la bambo anga, ndalikonda kuposa mabuku onse, ndipo ndaphunzitsa nalo ana ambirimbiri chinenero chathu. Koma popeza m'nyumba muno mulibe tebulo loliwerengerapo, ligwire ntchito imene yatsala. Kulira mukumvako musadabwe nako, ndi chitseko chikudandaula kuti chasiyidwa chotsegula. Chizolowera.

Tsopano inu awiri. Otso, Kasperi, mbenderayo mupatseni wina agwire, siigwa. Nyumba yanu ili kungooloka mlatho, ndipo sitima sinanyamuke. Musadutsire kusitolo, musagule kanthu, musanyamule kanthu. Pitani manja ali lende, mukaime pa chitseko chimene mwakhala mukuchidutsa ndi zala za kumapazi chisanu chonse, mukagogode. Akakhala chete, mukagogodenso. Akakuuzani kuti ali bwino, musakamukhulupirire. Mukalowe, mukakhale pansi pakati pa zikwama zake, ndipo iwe Otso ukamuuze za njinga ndi pakamwa pako, ngakhale mawu atatuluka opindika ngati mmene ake ankatulukira pa tebulo langa. Sindikulonjezani kuti atsala. Mwina mwachedwa ndi miyezi inayi, mwina tonse tachedwa. Koma asakwere sitima imeneyo inu muli kuseri kwa katani.

Eya, Otso, nyamuka. Usayang'ane Pulofesa, chilolezo chake sichikufunika. Kasperi, jekete lako waliiwala pa mpando. Apatseni njira, chonde.

Olemekezeka Mkulu wa yunivesite, Olemekezeka Meya, alendo athu a ku likulu, amayi ndi abambo: lumo mwandipatsali ndalilandira, ndipo riboni ndidula monga mwandipempha. Ndi mphamvu imene ndabwerekedwa kwa kanthawi kochepaka, ine amene ndilibe khadi lolowera muno, ndikulengeza kuti Nyumba ya Ophunzira Ochokera Kunja yatsegulidwa.

Bambo Ahonpalo, mphepo ikulowa, ndikudziwa, ndipo chipale chinyowetsa kapeti yanu yatsopano. Valani jekete. Bukulo musalichotse, ndi mpando uwu musaupinde, mpaka sitima ya madzulo itapita.

Zikomo kwambiri.